Nyimbo Yolowera m'Holo

Ndikukumbukira msewu wochoka ku South Bend kupita ku Indianapolis kuposa mmene ndimakumbukira nyumba imene tinkakhalamo. Ndi msewu wotopetsa, abale. Minda mbali iyi, minda mbali inayo, popanda ngakhale kachulu koti maso apumirepo. Ine wobadwira ku Zomba, wozolowera kudzuka phiri lili pakhomo, ndinkangoona ngati galimoto yaima malo amodzi. Chaka chimene ndikunenachi, cha 2013, ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo tinali titakhala ku America zaka zochepa chabe. Msewu umenewu tinauyenda Loweruka lililonse, kuyambira chipale chofewa chitangosungunuka mpaka chimanga cha azungu chitafika m'mawondo.

Chimene chinkatiyendetsa choncho chinali chikondwerero. Bambo anga, a Mbewe, anagamula kuti ukwati wawo ndi amayi wakwanitsa zaka makumi awiri, ndipo zaka zoterozo sizidutsa mwakachetechete ngati wakuba. Anabukitsa holo ku Indianapolis, kumene kunali Amalawi ambiri, anaitanitsa zitenje zofanana kuchokera kumudzi, n'kuitana aliyense amene nambala yake inali m'foni mwawo. Kwathu bambo anali mphunzitsi wa Chingerezi ku sekondale, munthu woti akamadutsa pamsika anthu ankawavulira chipewa. Ku South Bend masana ankaphunzira ku yunivesite, madzulo ankanyamula makatoni m'nyumba yosungira katundu, akulamulidwa ndi kamnyamata ka msinkhu wa ana amene iwo ankawaphunzitsa. Lero ndimamvetsa kuti ankafuna tsiku limodzi lokha loti avale suti, anthu awaimirire. Nthawi imeneyo ndinkangodziwa kuti Loweruka langa lapita.

Amayi ankagwira ntchito usiku kunyumba yosamalira okalamba. Kusambitsa, kutembenuza, kudyetsa, kupukuta, usiku wonse ali chiimire. Loweruka m'mawa tinkakawatenga pageti pomwepo, asanasinthe n'komwe yunifomu. Ankalowa m'galimoto akununkhira sopo wa kuchipatala, n'kuvula nsapato, n'kutsamira pawindo, ndipo tisanatuluke m'tauni ankakhala atagona kale, pakamwa pali yasa. Za chikondwererocho sanakane, komanso sanavomere ndi mtima wonse. Anangoti ngati bambo a Tiya akufuna, chabwino. Tiya ndine. Dzina lonse ndi Tiyamike, koma aphunzitsi a kuno amene analifikapo kumapeto ndi owerengeka.

Tsono inu mukudziwa kuti pa mwambo wa Amalawi eni tsiku salowa m'holo ngati akulowa mu banki. Patsogolo pamakhala atsikana m'mizere iwiri akuvina masitepe ochita kuphunzira, eni akewo n'kumabwera pambuyo, akuvinanso pang'onopang'ono mpaka kukafika kutebulo la kutsogolo. Masitepe amenewa sagwa kumwamba, amafuna kupulakitisa. Azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, ankakhala ku Speedway, dera la ku Indianapolis komweko, ndipo nyumba yawo inali ndi chipinda chachikulu cha pansi chimene tonse tinkangochitchula kuti besimenti. Mmenemo ndi mmene tinkasonkhana atsikana a mabanja a Chimalawi, pakati pa makina ochapira ndi makatoni a zovala zoti zidzatumizidwe kumudzi tsiku lina losadziwika. Munkanunkha chinyontho ndi sopo wa ufa. Mwezi wa Meyi utafika, kunja kunkamveka magalimoto ampikisano akuyeserera ku bwalo lawo lalikulu la m'deralo, kulira ngati njuchi zolusa, ife pansi tikuyeserera zathu. Azakhali anali ndi kamtengo ka tsache lothyoka kogundira pansi, ndipo wolakwitsa phazi ankakalipiridwa ngati waswa mbale ya alendo.

Nyimbo yake bambo sanavutike kusankha. Inali imene iwo ndi amayi analowera nayo m'holo pa tsiku la ukwati wawo ku Zomba, nyimbo ya roko ya azungu ya kalekale. Sinditchula dzina lake, yatchuka mokwanira popanda thandizo langa. Imayamba ndi gitala wolira ngati wakwiya, ng'oma n'kulowa, ndipo ukhale wopemphera chotani, phazi limayamba lokha. Bambo anaimva koyamba pa wailesi ali mnyamata, anaisunga pa kaseti, kaseti itatha anagula chimbale. Ikamalira m'galimoto ankamenya chiwongolero ndi zala, mapewa akuvina, nkhope ikubwerera ku unyamata. Ndinkaikonda nanenso. Ndinayamba kuimva ndisanadziwe liwu ndi limodzi lomwe la Chingerezi, choncho kwa ine inali phokoso lokoma la bambo anga basi. Ngakhale nditaphunzira Chingerezi, khutu langa linkangodutsa pa mawu ake mmene umadutsira mtengo wa pakhomo panu osauyang'ana.

Amene anayamba kumvetsera anali Mphatso, mwana wa azakhali. Iye anabadwira ku Indiana konkuno, anali wamkuluko kwa ine, ndipo Chichewa ankachimva chonse koma kuyankha ankayankha m'Chingerezi, ngati kuti Chichewacho chimamutentha lilime. Masabata oyambirira tinkavinira kafoni ka azakhali, kotulutsa ng'oma yokha ndi kunong'ona. Tsiku lina bambo, pofuna kutisangalatsa, anabwereka sipika yaikulu ya kutchalitchi. Mawu a woyimba anatuluka oyera ngati ali nafe m'besimentimo. Tili pakati pa kuvina, Mphatso anaima. Anapendeketsa mutu, anamvetsera, kenako anakakhala pamwamba pa makina ochapira n'kupinda manja. Azakhali atamufunsa ngati wadwala, anayankha m'Chingerezi chake chothamanga kuti iye savina nyimbo yonyoza akazi chotero, ndipo sakumvetsa kuti anthu akuluakulu opemphera anaisankha bwanji. Azakhali anamuopseza ndi kamtengo kaja. Bambo anaseka n'kunena kuti ana a kuno amapeza mlandu ngakhale m'madzi akumwa. Amayi anali atakhala pa makwerero otsikira m'besimenti, mutu atatsamiritsa kukhoma. Tonse tinkaganiza kuti ali m'tulo.

Pobwerera tinkakonda kuima ku Lafayette Road, kumene kuli masitolo a anthu obwera ngati ife, kuti tigule ufa woyera, nyemba ndi nsomba zouma zimene ku South Bend zinkasowa. Nthawi zonse amayi ndiwo ankalowa, chifukwa bambo sankadziwa kusiyanitsa nsomba yabwino ndi yofumbwa. Tsiku limenelo anati miyendo ikuwawa, bambo alowe okha, asiye makiyi kuti tizipitidwa mphepo. Chitseko cha sitolo chitangotsekeka, anatembenukira kumbuyo kumene ndinakhala.

"Tiya, tabwera kutsogolo kuno. Ika nyimbo ija. Uziimitsa pang'onopang'ono, uzindiuza m'Chichewa zimene akunena."

Musaganize kuti amayi sankadziwa Chingerezi. Ankadziwa mayina a mankhwala oti ine lilime linkapindika, ankatha kukangana ndi namwino wamkulu mpaka kupambana. Koma Chingerezi cha kuntchito ndi china, cha mwamuna wokuwa pakati pa magitala ndi chinanso. Pa tsiku la ukwati wawo anali mtsikana wolekezera Fomu 2, ndipo chiyambire sanaonepo chifukwa chotchera khutu. Nyimbo inali ya amuna awo, inali ya ukwati wawo, basi inali yabwino.

Ndinaika chimbale, ndinamvetsera mzere woyamba, ndinaimitsa. Ndinayamba ndikumwetulira, ngati mwana wopatsidwa ntchito ya akulu. Woyimbayo ankati mkazi wake ali ngati galimoto yake. Mpaka apo panalibe choopsa, amayi anangoti ehe. Kenako ankati anaipeza yotchipa, eni ake ataitaya. Ankati ikayamba kudandaula m'mawa amaimenya chibakera, imakhala chete n'kuyenda. Ankati safuna kumva maganizo a galimoto, ntchito yake ndi kumunyamula. Ndipo pamene onse amayimbira limodzi, pomwe paja ife atsikana tinkazungulira n'kuwomba m'manja, ankati ikadzakalamba adzaisiya m'mbali mwa msewu, akwere ina yatsopano osacheuka.

M'Chingerezi mawu amenewa amathamanga, amabisala kumbuyo kwa ng'oma. M'Chichewa analibe kobisala. Ankatuluka m'kamwa mwanga amodziamodzi, olemera, ngati ndine amene ndikuwatukwana amayi anga. Ndinachita manyazi mpaka makutu kutentha, ndipo ndinayamba kufewetsa, kudumpha apa ndi apo. Amayi anazindikira. Anati ndisawachitire chifundo, ndibwereze pamene pali chibakerapo, ndinene mmene zilili. Ndinabwereza. Sanalire, sanatukwane. Anangoyang'ana mapazi awo otupa, kenako anati ndibwerere kumpando wanga, bambo akubwera.

Bambo anabwera atasenza thumba la ufa paphewa, akunyadira kuti apeza usipa. Amayi anadikira mpaka titatuluka mumzinda, nyumba zitatha, minda itayamba. Anafunsa ndi mawu otsika, aulemu, ngati akufunsa za nyengo.

"Bambo a Tiya, mawu a nyimbo ija mumawamva onse?"

Bambo anaseka. "Nanga zaka zonse zija ndinkaphunzitsa chiyani? Ndingakulembereni onse osalakwitsa."

"Ndi pa tsiku la ukwati lomwe munkawamva?"

Apa bambo anazindikira kumene alowa, koma m'mbuyo munali mutatsekeka. Anakhosomola, anakonza kalilole amene sankafunika kukonzedwa. Anati ndi nyimbo chabe, anthu amavina ng'oma, savina mawu, ndipo iwo chibadwire sanakwezepo dzanja pa mkazi. Zimenezo zinali zoona, bambo anga sanamenyepo munthu, ngakhale ine wamwanone. Amayi sanatsutse. Koma ulendo wonse umenewo sanagone, ndipo aka kanali koyamba. Anakhala chowongoka, maso kutsogolo, munthu woti wachezera usiku wonse ali chiimire.

Sabata imeneyo m'nyumba mwathu munazizira kuposa Januwale. Amayi ananena kamodzi kokha, akupakira chakudya chopita nacho kuntchito, kuti nyimbo imeneyo salowa nayo. Bambo asankhe ina iliyonse, kaya ya kwaya, kaya ya kumudzi, adzavina mpaka nsapato kuthyoka. Bambo anakana. Anati ana aphunzira kale masitepe, masiku atha, ndipo kukubwera anzawo ochokera ku Chicago amene analipo pa ukwati weniweniwo, adzafunsa kuti nyimbo ija yapita kuti. Zifukwa zinali zambiri, koma chenicheni chinali chakuti kusintha nyimbo kunali kuvomera kuti analakwa kuyambira pachiyambi, ndipo bambo anali atagonja kale pa zambiri m'dziko lino. Ine ndinali ndi mantha. Kusukulu anzanga ambiri anali ndi nyumba ziwiri, ya bambo ndi ya mayi, ndipo Lachisanu lililonse ankabwera ndi chikwama cha zovala. Ndinkaganiza kuti nanenso ndiyamba kuyenda ndi chikwama chotero chifukwa cha nyimbo.

Nkhani ya m'banja ikakula imapita kwa ankhoswe. Vuto linali lakuti ankhoswe enieni, wina anali atamwalira, wina anali kumudzi kumene foni imagwira ukakwera pachulu. Choncho azakhali anapeza ankhoswe obwereka, a Mwale, mkulu wa mpingo wa ku Indianapolis. A Mwale anali munthu wabwino, wamfupi, wa mawu aakulu kuposa thupi, ndipo ndiwo ankatsogolera mwambo uliwonse wa Amalawi m'chigawo chonsecho, ukwati, maliro, ngakhale phwando la mwana womaliza sukulu. Pa chikondwerero chathunso maiki inali kale yawo.

Mlandu unazengedwa m'besimenti momwemo, Loweruka lotsatira. Ana tinathamangitsidwa, koma ine ndi Mphatso tinakhala pamwamba pa makwerero, chitseko chili chotsegula pang'ono. Sindidzaiwala zimene ndinaona. Bambo, amayi, azakhali ndi a Mwale atakhala pa mipando ya pulasitiki, nkhope zili ngati pa maliro, akumvetsera nyimbo ya roko ngati umboni. A Mwale anali atavala suti, magalasi ali pamphuno, buku la mapemphero lili pabondo. Ankapukusa mutu pa mawu oipa aliwonse, akuti aaa, koma azungu, koma pansi phazi lawo linkagunda simenti motsatira ng'oma. Mphatso anadziluma dzanja kuti asaseke.

Azakhali anayankhula zimene azakhali onse amayankhula, zakuti banja ndi kupirira, nyimbo siluma, ndipo mafuta amene tawotcha mumsewu ndi ambiri. Bambo anabwereza zawo zija za ng'oma. Amayi atapatsidwa mpata sanatalikitse. Anati iwo sakufuna kuchititsa munthu manyazi, koma nyimbo imodzi sachezera gule, ndipo sakukhulupirira kuti padziko lonse nyimbo zatha, yatsala yokhayi. A Mwale anavula magalasi, anawapukuta nthawi yaitali, kenako anagamula. Anati onse awiri akhoza. Nyimbo ikhale, chifukwa ana akhetsa thukuta. Koma poti maiki idzakhala m'manja mwawo, pakadzafika mawu oipa iwo adzakuwa mayamiko, anthu osamva kanthu. Bambo anawomba m'manja, azakhali anati mwaona, akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

"Anthu sadzamva, zoona," amayi anatero. "Koma ine ndamva kale."

Amayi anawomba m'manja mwaulemu, mmene amathokozera ankhoswe, ndipo a Mwale anatseka ndi pemphero lalitali. Kwa a Mwalewo nkhani inali itatha. Mphatso anauzidwa kuti asankhe pakati pa kuvina ndi kulandidwa foni, ndipo anasankha kuvina.

Masabata otsalawo amayi sanaitchulenso nkhaniyo. Ankabwerabe ku Speedway, atakhala pa makwerero pomwe paja, akupinda m'mphepete mwa madiresi athu ndi singano, nyimbo ikulira mobwerezabwereza. Ine tsopano ndinkamva liwu lililonse, ndipo pozungulira paja ndinkayang'ana kukhoma kuti maso anga asakumane ndi awo. Ndinaganiza kuti agonja. Mtima unakhala pansi, chifukwa kugonja kwawo kunkatanthauza kuti tikhalabe m'nyumba imodzi, koma zinkandiwawanso kuona munthu wotopa chotero akusokera anthu zovala zovinira nyimbo imeneyo.

Tsiku linafika m'mwezi wa Juni, kotentha koti phula linkanata ku nsapato. Holo inali kumadzulo kwa mzinda, pafupi ndi Lafayette Square, moyandikana ndi sitolo ya matayala. Anthu anabwera ochokera ku Michigan, ku Ohio, ku Chicago, magalimoto atadzaza ana ndi mapoto. M'katimo munkanunkha mpunga, nkhuku yokazinga, mafuta odzola ndi zitenje zatsopano zosachapa. Atsikana tinafola pakhomo. Ndinacheuka kuyang'ana amayi. Anali atakongola moti ndinachita nawo mantha, diresi lobiriwira, duku lalikulu, kachikwama pamkono. Anandikonza kolala n'kundiuza kuti ndisayang'ane pansi povina.

Gitala analira. A Mwale anadumphira pa maiki. Chimene sanaganizire n'chakuti nyimbo imeneyo mawu oipa ndi yonse, palibe popumira. Anayamba bwino, akuti nthungululu amayi, zaka makumi awiri si masewera, tiwaombere m'manja a Mbewe ndi mayi. Mayamiko atatha anayamba kutchula mayina a alendo, alendo atatha anayamba kulengeza za galimoto imene yatsekereza inzake panja, mawu akusasa, mitsempha ya pakhosi itatuluka. Ife tinkavina, kumanja, kumanzere, kuzungulira, kuwomba.

Kenako ndinaona nkhope za anthu zikusintha, ndipo amayi anandidutsa. Sankavina. Ankayenda. Anadutsa pakati pa mizere yathu iwiri ndi mayendedwe awo a kuntchito, osathamanga, osachedwa, a munthu amene ali ndi odwala omudikira. Phewa silinagwedezeke, ngakhale chala sichinatsatire ng'oma, ndipo ndikuuzeni, kuyenda molunjika nyimbo imeneyo ikulira ndi ntchito yovuta kuposa kuvina. Anaweramitsa mutu kwa amayi achikulire amene anakhala kutsogolo, anakafika kutebulo, anakhala pansi, anaika kachikwama pamiyendo.

Bambo anatsala pakhomo okha, dzanja limene linkayenera kugwira la amayi lili m'malere. Nyimbo ija ndi yaitali, ndipo pakati pake pali malo amene gitala amalira yekha osafuna kutha. Akanatha kuthamangira kutsogolo, akanatha kumukodola mnyamata woika nyimbo kuti azimitse. Koma a Mbewe ndi a Mbewe. Anavina holo yonse okha, kuchoka pakhomo mpaka kutebulo, thukuta likudontha pa suti, kumwetulira kutauma pankhope. Amayi ena anaimba nthungululu pofuna kuwathandiza. Ndinawamvera chisoni bambo anga, ndipo nthawi yomweyo ndinawanyadira amayi, moti ndinasowa kuti ndiyang'ane ndani. Mapazi anga ankangopitiriza masitepe okha.

Manyazi a Amalawi sachedwa kupeza chofunda. Mpunga usanagawidwe, azakhali anali atazungulira matebulo onse akunong'oneza anthu kuti alamu awo miyendo yatupa, ntchito za usikuzi zitimaliza. Amayi ambiri a m'holomo ankagwira ntchito zomwezo, choncho anagwedeza mitu momvetsa, ngakhale ndikukhulupirira kuti ena anamvetsa zoposa pamenepo. Amayi anadula keke, anawadyetsa bambo, anathokoza alendo ndi mawu abwino. Nyimbo za kwathu zitayamba anaimirira n'kuvina ndi anzawo mpaka duku kupendekeka, miyendo yotupa ija osaikumbukira, ndipo azakhali anangoyang'ana kudenga. A Mwale mawu anawathera moti ulaliki wa Lamlungu anachita kupempha wina.

Ndinadikira mkuntho, sunabwere. Kwa masabata angapo bambo ankayankhula ndi amayi kudzera mwa ine, uwauze amayi ako izi, uwafunse amayi ako izo. Kenako moyo wa kuno unameza zonse, mashifiti, mayeso a bambo, chisanu china. Chimbale chija sichinatayidwe, koma sichinalirenso amayi ali pafupi. Kupepesa ndi pakamwa bambo sanapepese, ndipo amayi sanawaumirize. Ali limodzi mpaka lero, akukangana za mchere ndi za amene waiwala kuzimitsa magetsi.

Masiku ano zinthu zasintha. Mawu a nyimbo iliyonse ali m'foni, mwana amawawerenga nyimbo isanathe, palibenso amene angavine zaka makumi awiri osadziwa chimene akuvina. Nyimbo ijanso anthu anaitulukira. Pa intaneti amakangana, ena akuti ichotsedwe pa wailesi, ena akuti inali nthawi yake, zisiyeni zakale zikhale. Mphatso, amene tsopano ndi mayi wa ana, amanditumizira zolemba zimenezi, n'kuwonjezera m'Chingerezi chake chomwe chija kuti ndinanena ine. Ndimawerenga pang'ono n'kutseka. Ndimagwira ntchito m'chipatala pakati pa mzinda wa Indianapolis, nanenso ndimabwera kunyumba mapazi atatupa, ndipo mphamvu zokangana ndi anthu osawadziwa ndilibe. Onse okanganawo amakamba za woyimba, kaya anali munthu woipa, kaya ankangocheza. Sindinaonepo wokamba za munthu amene ankawamva mawuwo, ataima pafupi ndi mnzake amene sankawamva.

Chaka chatha ndinawaperekeza amayi kukaonetsa mawondo, amene ntchito ija inawamaliza. Tili pa benchi kudikira dokotala, ndinawafunsa zimene ndinasunga zaka zonsezi. Ndinati amayi, woyimba uja sakudziwani, bambo sanakumenyenipo, nanga chinakupwetekani chotero n'chiyani? Anasisita bondo.

"Mzungu uja ndilibe naye mlandu," anatero. "Pa tsiku la ukwati wathu, nyimbo ija itayamba, amayi anga anavula chitenje chawo chatsopano n'kuchiyala pakhomo la holo kuti mkamwini wawo apondepo. Ankalulutira, misozi ikutsika, akuti mwana wanga wapeza mphunzitsi. Bambo ako anaponda, akuyimba nawo mawu onse."

Namwino anatchula dzina lawo. Ndinawapatsa ndodo, ndinawagwira mkono, tinalowa.